Imelo yoti akaunti itsekedwa, ndidine?

Nabanda: Abale, amene mumagulitsa zinthu pa eBay tandithandizani. Yabwera imelo yoti akaunti yanga aitseka pakatha maola 24 ndikapanda kulowetsanso pasiwedi. Chizindikiro cha eBay chilipo bwinobwino. Ndili pa shifiti, ndidine linki yomwe ili mu imeloyo?

aPhiri: Musadine, achemwali. Chizindikiro aliyense atha kukopera. Gwirani pa dzina la wotumizayo kuti adiresi yonse ioneke, mutiuze zomwe zalembedwa pambuyo pa @.

Nabanda: Pali ebay, kenako kamzere ndi mawu ena ataliatali, kumapeto .net

aPhiri: Akuba amenewo. Tsegulani app ya eBay nokha, mupite ku Messages. Uthenga weniweni wokhudza akaunti yanu umapezekanso kumeneko. Amazon nayo ili ndi Message Center yake.

Nabanda: Kulibe kanthu ku Messages. Zikomo achimwene.

Bambo a Chisomo: Koma adiresi ya wotumiza nayo imatha kupusitsa, ena amaipanga kuoneka ngati yeniyeni. Ine ndimayang'ana linki. Pa foni ikanikizeni osachotsa chala, ikuonetsani komwe ikupita. Dzina lenileni la webusaiti ndi lomwe lili pafupi ndi / yoyamba mukadutsa https://, kumanzere kwake. Ndiye ngakhale kuyambe ndi amazon.com, ngati pali kadontho ndi dzina lina / isanafike, webusaitiyo ndi ya dzina linalo. Ena amalemba r ndi n moyandikana kuti zioneke ngati m. Pa sikirini yaing'ono, utatopa ndi ntchito ya usiku, sungazindikire.

Nangozo: Nanga kaloko kaja kamaoneka pamwamba, pafupi ndi adiresi ya webusaiti?

Bambo a Chisomo: Kamangotanthauza kuti zomwe mukulemba sizikuwerengedwa panjira. Akuba nawonso amakhala nako.

Mayi a Tadala: Amene mumagulitsa pa Facebook Marketplace, yanu ndi iyi. Wogula sakunenerera mtengo, akungopempha imelo yanu. Kenako ikubwera imelo yoti walipira kale, mulembe nambala ya khadi, tsiku lothera ndi manambala atatu a kumbuyo kuti ndalama zilowe. Zimenezo ndi zolipirira, si zolandirira. Ndalama ngati zalowa muzione nokha mu app ya banki.

Nangozo: Mlamu wanga analemba kale pasiwedi pa linki yotere dzulo. Atani?

aPhiri: Asinthe pompano, kudzera pa app yeniyeni. Ngati pasiwedi yomweyo ndi ya imelo, ayambire ku imeloko, chifukwa wogwira imelo amatha kusintha mapasiwedi a maakaunti ena onse. Ayatsenso 2-step verification (kuti polowa pazifunika pasiwedi komanso nambala yobwera pa foni), aonenso ngati nambala ya foni kapena akaunti ya banki yolandirira ndalama sinasinthidwe.

Mayi a Tadala: Ngati analembanso za khadi, aimbire banki pa nambala yomwe ili kumbuyo kwa khadilo kuti alitseke. Ndipo mumuuze, akaimbiridwa ndi munthu wofuna OTP (nambala yachinsinsi yogwira kamodzi yomwe imabwera pa foni) "kuti ateteze akaunti", adule foni. Ndi omwewo abweranso kachiwiri.