Kuyeza asidi m'dothi ndi ana asukulu: bwanji magulu akupeza manambala osiyana?

Funso: Aphunzitsi anzanga, ana akuyeza pH (nambala yosonyeza kuchuluka kwa asidi: ikamatsika, asidi akuchuluka) ya dothi la m'dimba la pasukulu ndi timapepala ta universal indicator, tija timasintha mtundu malinga ndi asidi, mtunduwo n'kuufananiza ndi tchati cha manambala. Dimba ndi limodzi, koma gulu lina likupeza 5, lina 7. Cholakwika chili pati?

Yankho 1: Yambani mwafunsa za madzi amene akusungunulira dothilo. Madzi a pampopi kapena a pachitsime nthawi zambiri amakhala ndi mchere wa laimu umene umakweza nambala, pomwe a mvula ali kale ndi asidi pang'ono, cha m'ma 5.6. Ofunika ndi distilled, aja othira m'batire ya galimoto, koma samalani, asakhale asidi wa batire. Yezani madziwo paokha kaye. Kenako magalamu 10 a dothi, mamililita 25 a madzi, gulu lililonse muyeso womwewo. Atakase bwino, asiye mphindi 30, n'kuviika kapepala m'madzi apamwamba okhawo. Akakafikitsa pamatope kamathimbirira, ndiye mtundu wake sugwirizananso ndi tchati. Dothi likakhala ladongo madzi amachedwa kudikha. Asefeni papepala losefera, kapena ikani pang'ono barium sulphate, ufa wothandiza matope kudikha, ngati alipo.

Yankho 2: Zoona aphunzitsi, komanso mwina ana sanalakwitse. Pamene panathiridwa phulusa pH imakwera, pamene pakhala pakuthiridwa feteleza wa ammonium imatsika. Apewe malo amenewa, pachulu ndi pamulu wa manyowa. Achotse zinyalala zapamwamba, akumbe masentimita 15 mpaka 20, atape dothi m'malo 10 moyenda mokhotakhota, asakanize m'ndowa yoyera yapulasitiki. Aumitse pamthunzi, osati pamoto, aphwanye zibuluma n'kusefa. Magulu onse atenge m'ndowa imodziyo. Akasiyanabe, vuto ndi kayezedwe.

Muwauzenso kuti 5 ndi 7 sizoyandikana. Nambala imodzi ndi kuchulukitsa ka 10, choncho pa 5 asidi ndi wochuluka ka 100 kuposa pa 7. Pansi pa 5.5 aluminiyamu amasungunuka n'kumapinimbiritsa mizu, ndipo mbewu zimavutika kupeza fosiforasi. Zambiri zimakonda 6 mpaka 7.

Yankho 3: Zoyeza dothi polithira viniga kapena soda n'kuona ngati lichita thovu musazidalire. Thovu la viniga limangosonyeza kuti m'dothimo muli laimu, silipereka nambala. Timapepala nato tikagwidwa ndi zala zonyowa kapena tikakhala pachinyontho timanama. Tisungeni m'botolo lotseka, ndipo ana aziwerenga mtundu kapepala kasanaume, panja powala.