Ndibwereze mayeso a Fomu 4 kapena ndilowe kosi yaifupi ya uzamba?

Moni nonse a pa gulu lino, makamaka anamwino, azamba ndi aphunzitsi a m'makoleji a zaumoyo. Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndipo ndimagwira ntchito yothandizira pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, komwe ndimakolopa, kuwiritsa zipangizo, kukweza amayi oyembekezera pa sikelo ndi kuthamangira chilichonse chimene azamba andituma. Mtima wanga uli pa uzamba, koma chonditsekereza ndi satifiketi yanga ya MSCE: Chingerezi, Biology ndi Chichewa ndinapeza makirediti, pomwe Masamu ndi Chemistry ndinapeza 7, yomwe ndi pasi chabe.

Za digiri ndazisiya kaye pambali. Ndikudziwa kuti ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inabadwa ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, ngakhalenso ku Mzuzu University, maphunziro ake ndi a zaka 4, ndipo kuti munthu asankhidwe kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, amayenera kukhala ndi makirediti osachepera 6. Ngakhale amene ali nawo makirediti onsewo amalimbirana malo, nanga ine ndingayambire pati?

Chimene ndikuchifunitsitsa ndi dipuloma ya zaka 3 ya Nursing and Midwifery Technician, yomwe imaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mishoni, monga Nkhoma, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, Holy Family ku Phalombe ndi Ekwendeni. Vuto ndi loti makolejiwa amayang'ana kwambiri maphunziro a sayansi, zomwe zikutanthauza kuti ndiyenera kubwerera m'kalasi, kulipira fizi ya sukulu ya open ndi ndalama ya mayeso ku MANEB, kenaka n'kumawerenga usiku mwana akagona. Pali mausiku ena omwe ngakhale mpata wowerengawo sungapezeke, chifukwa magetsi akazima kuchipinda chochilira, ine ndi amene ndimagwira tochi ya foni pamene mzamba, yemwe amakhala yekha pa naiti, akumvetsera mtima wa mwana m'mimba mwa mayi ake ndi kulemba pa patogirafu, pepala lolembapo mmene kuchira kwa mayi kukuyendera.

Amalume anga, omwe alonjeza kundithandiza fizi, akunena kuti ndisataye chaka ndi kubwereza, koma ndidikire kosi ya Community Midwifery Assistant, ya chaka ndi theka, ndiyambe msanga kulandira malipiro. Mnzanga wina wandiuzanso za koleji ina yoima payokha ya m'tauni, imene akuti ikulandira ngakhale anthu a mapasi bola alipire. Ine maganizo anga akupendekera ku kubwereza, koma chikundiopsa n'chakuti ndikudziwa anamwino ena a dipuloma amene anamaliza sukulu n'kukhala pakhomo nthawi yaitali kudikira kuti boma lilembe anthu ntchito, ena n'kumangodalira lokamu, ganyu yogwirizira mashifiti pa chipatala. Kodi si kupusa kuonjezera chaka, kuwononga ndalama za amalume, kenaka n'kudzakhalanso pamzere womwewo? Chonde, inu amene munadutsa njira zimenezi, ndiunikireni.

Yankho loyamba

Mchemwali wanga, ine ndine mzamba pa chipatala cha boma, ndipo ndinayambira pa dipuloma yomweyo ku koleji ya mishoni. Ndiyambe ndi nkhani ya koleji ya m'tauniyo, chifukwa ndi imene ingakulizeni kwambiri. Musanapereke tambala iliyonse, funsani ku Nurses and Midwives Council of Malawi ngati kolejiyo ndi kosi yakeyo zili zovomerezeka. Bungwe limeneli ndi limene limalembetsa mayeso a laisensi ukamaliza sukulu, ndipo popanda laisensi yawo palibe chipatala, cha boma kapena cha mishoni, chimene chingakuloleni kugwira wodwala ngati namwino kapena mzamba, ngakhale mutakhala ndi pepala lokongola chotani.

Pa funso lanu lenileni, ine ndikuti bwerezani. Masamu ndi Chemistry sakufunsa pofuna kuzunza anthu ayi. Tsiku lililonse mudzawerengetsa mlingo wa mankhwala molingana ndi kulemera kwa mwana, mudzawerenga madontho a diripu pa mphindi, ndipo mayi wa BP yokwera akayamba kukomoka mudzasakaniza magnesium sulphate manja akunjenjemera koma mutu uli m'malo. Komanso pasi imeneyo sidzakusiyani, chifukwa tsiku limene mudzafune kukwera kuchoka pa satifiketi kupita pa dipuloma kapena digiri, kawirikawiri adzakufunsaninso MSCE yomweyo, ndipo panthawiyo mudzakhala ndi ana awiri kapena atatu ndi mashifiti a usiku. Ubwino wina wa dipuloma ndi woti mumaphunzira unamwino ndi uzamba pamodzi, motero mutha kugwira ku wodi ya ana, ya abambo, kapena ku matenite, ndipo zipatala za CHAM ndi mabungwe amene si a boma nawonso amalemba anthu otere. Za kudikira ntchito sindikunamizani, zilipodi, ndipo bungwe lathu la anamwino ndi azamba, NONM, lakhala likudandaula za nkhaniyi kwa zaka zambiri. Koma wodikira ali ndi laisensi ya unamwino ndi uzamba ali ndi makomo ambiri ogogodapo.

Yankho lachiwiri

Amayi, ine ndine Community Midwifery Assistant, ndipo ndikusiyana pang'ono ndi asisitala ayankha pamwambapa. Kosi yathu anthu amaiderera, koma kuno kumudzi ife ndi amene timachiritsa amayi, kuyendetsa sikelo, kulangiza za kulera ndi kuzindikira msanga amene ayenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Chiletsereni azamba a m'midzi mu 2007, amayi ambiri amabwera kudzadikirira ku chipatala, ndipo manja ndi ochepa. Inu mwazolowera kale fungo la magazi ndi kudzutsidwa pakati pa usiku, zomwe ena amathawa chaka choyamba, ndiye ntchitoyi singakuvuteni. Chomwe ndingakuchenjezeni n'chakuti malo a kosi imeneyi satuluka nthawi imene munthu wafuna, ndipo malipiro ake ndi otsika poyerekeza ndi a dipuloma, pomwe ntchito ya usiku ndi yomweyo. Walira mvula walira matope. Ndikanakhala inu ndikanalembetsa mayeso a MSCE chaka chino ndithu, koma kosi yathu ikalengezedwa n'kufunsiranso, osati kukhala manja lende kudikira chimodzi.

Wofunsa uja

Zikomo kwambiri nonse awiri. Za koleji ya m'tauniyo ndaziika pambali mpaka nditamva kuchokera ku Council, ndipo Loweruka ndikakhala pansi ndi amalume kuti ndiwawerengere mayankho anuwa, chifukwa iwo akamva kuti mawu achokera kwa mzamba weniweni amamvera kuposa akachokera kwa ine mphwawo. Ndatsala ndi funso limodzi kwa aphunzitsi a m'makoleji amene ali pa gulu lino: kodi ndikabwereza Masamu ndi Chemistry zokha, mudzavomera kuphatikiza zotsatira za zaka ziwiri zosiyana, kapena ndilembenso maphunziro onse kuti makirediti akhale pa satifiketi imodzi? Ndikufuna ndidziwe ndisanakalipire ndalama ya mayeso.