Ndi makina ati opepuka amene angandithandize kusadza nthambi za mitengo ya nkhuni?

Mlimi wa ku Santhe walemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwiritsapo ntchito makina odulira mitengo, aja ambiri timangowatchula kuti chainsaw. Ndili ndi munda wa mitengo wa maekala awiri kufupi ndi Santhe, m'boma la Kasungu, umene ndinadzala zaka 9 zapitazo. Mitengo yambiri ndi bulugamu ndi keshya, ndipo m'malire muli malaina owerengeka. Chaka chilichonse m'chilimwe ndimagwetsako ina kuti nkhuni zake ziyambe kuuma, popeza zimafunika poumitsa fodya m'mabalani komanso pophikira pakhomo.

Kugwetsa mtengo sikundivuta, chifukwa pali mnyamata wina amene amabwera ndi makina aakulu ndipo ndimamulipira pa mtengo uliwonse. Chimene chimatidyera masiku ndi kusadza nthambi mtengo ukagwa ndi kuzidula m'zipika zokwanira kukweza m'ngolo. Ntchitoyi takhala tikuigwira ndi zikwanje ndi nkhwangwa, koma ine ndakwanitsa zaka 58 ndipo phewa langa lakumanja silikulolanso. Nthambi zambiri sizipitirira kukula kwa ntchafu ya munthu wamkulu. M'masitolo a pa Kasungu ndaonamo makina otsika mtengo olembedwa 5200, ndipo wogulitsa akuti ndiwo amphamvu, koma nditawanyamula ndinaona kuti ndi olemera ndithu. Kodi ndigule amenewa, kapena alipo ena aang'ono amene munthu wa msinkhu wanga angawagwire tsiku lonse? Ndamvanso za makina oyendera batire, ngakhale kwathu kulibe magetsi a ESCOM.

Makaniko wa pa Kasungu boma wayankha:

Bambo, mwachita bwino kuwanyamula makinawo musanatulutse ndalama, chifukwa pa ntchito yosadza nthambi kulemera ndiko kuyenera kuganiziridwa poyamba. Pogwetsa mtengo kapena podula chipika chachikulu, makina amatsamira pa mtengowo ndipo kulemera kwake kumathandiza kucheka. Posadza sizili choncho: mumawadzutsa, kuwatembenuza ndi kuwasuntha kuchoka pa nthambi ina kupita pa ina kambirimbiri pa mtengo umodzi, moti kilogalamu imodzi yowonjezera imamveka m'mapewa dzuwa lisanafike pamutu. Munthu wotopa ndiye amalekerera makina n'kudzicheka mwendo.

Pa nthambi zimene mwafotokozazi, injini ya pakati pa 30 cc ndi 40 cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini) ndi yokwanira. Mwachitsanzo, Stihl MS 170 ili ndi injini ya 30 cc ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 4 musanaikemo mafuta ndi tcheni, pamene MS 180 ndi yamphamvu pang'ono kuposa apo koma kulemera kwake n'kofanana. Husqvarna 120 Mark II ili ndi injini ya 38 cc ndipo imayandikira makilogalamu 5. Makina a 5200 amene munawaona ali ndi injini ya 52 cc, ndipo kawirikawiri amabwera ndi chitsulo choyendapo tcheni chotalika mainchesi 18 kapena 20. Inu chitsulo chotere simukuchifuna. Sankhani cha masentimita 30 kapena 35, kutanthauza mainchesi 12 kapena 14, chifukwa chachifupi chimaloweka bwino pakati pa nthambi zothithikana, sichikhudza dothi kawirikawiri, ndipo tcheni yake ili ndi mano ochepa oti munole.

Pa nkhani ya mafuta ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa makina ambiri amene amafika pa benchi langa anaphedwa ndi mafuta. Injini zimenezi zilibe malo osungira oyilo ngati za galimoto, choncho oyilo wake, uja wa 2T, amasakanizidwa m'petulo. Stihl ndi Husqvarna amafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, ndiye kuti mamililita 20 pa lita imodzi, kapena mamililita 100 pa malita 5. Makina ambiri otsika mtengo amafuna oyilo wowirikiza kawiri, choncho tsatirani zimene zalembedwa m'kabuku kake. Gulani sirinji ku famase yoyezera oyiloyo, musamayeze ndi maso. Kumbukiraninso kuti petulo wathu ku Malawi kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Mafuta osakaniza kale asakhale kupitirira mwezi umodzi, ndipo nyengo yodula ikatha khuthulani thanki ndi kuliza makina mpaka atazima okha, kuti kabuleta isatsalire ndi mafuta ouma. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene tonse timathamangirako mafuta akasowa, musefeni ndi nsalu yoyera musanathire.

Wocheka matabwa wa ku Chamama wayankha:

Ndikugwirizana ndi amakaniko pa za kulemera, koma sindinganene kuti makina otsika mtengo angowataya kutali. Ine ndimacheka ndi makina a 72 cc olemera makilogalamu oposa 6, ndipo sindingamuuze munthu wa zaka 58 kuti asadzire nthambi ndi amenewo. Komabe funso limene bambowa ayenera kufunsa wogulitsa ndi lakuti tcheni ikatha, pulagi ikapsa, kapena chingwe cholizira chikaduka, adzazipeza kuti. Zipangizo za makina a 5200 zimapezeka mosavuta chifukwa makinawo ndi ochuluka, pamene tcheni yopyapyala ya makina aang'ono nthawi zina mumayenera kuitumiza ku Lilongwe. Ngati mwasankha aang'onowo, gulirani limodzi matcheni awiri, pulagi yapadera ndi matupa obulungira a mamilimita 4, amene ndiwo amalingana ndi mano a tcheni ya mtundu umenewo.

Chenjeraninso ndi makina onamizira dzina. Ine ndinagulapo ena pamsika, a mtundu ndi zilembo zofanana ndi enieni, ndipo sanathe miyezi iwiri. Mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa kwa ogulitsa ovomerezeka, dziwani kuti pali chifukwa chake.

China chimene ndaphunzira ndi bulugamu n'chakuti amachekeka bwino akadali wauwisi. Mukamusiya pansi miyezi iwiri amauma gwa, komanso chiswe chimamata dothi pa makungwa, ndipo palibe chimene chimabunthitsa tcheni msanga kuposa dothi. Sadzani mkati mwa sabata imene mtengo wagwa, ndipo pamene pali dothi yambani mwapala ndi chikwanje. Tcheni yakuthwa imatulutsa tizipalapasa tooneka bwino. Mukaona ikutulutsa ufa wosalala ngati wa m'chigayo, imani munole.

Mayi wa ku Kamwendo wayankha:

Bambo, kwathu kuno ku Mchinji tili ndi makina a batire amene mchimwene wanga anatigulira ku Chipata, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene tawaonera. Ndi opepuka, salira mokweza, safuna petulo, ndipo amayamba mukangokanikiza, popanda kukoka chingwe, chimene chingathandize phewa lanulo. Timawagwiritsa ntchito podulira gliricidia m'munda ndi nthambi za mango, ndipo pa zimenezo ndi abwino kwambiri. Koma pa nthambi zokhuthala za bulugamu batire imatha msanga, ndipo sola yathu yaing'ono, imene imakwanitsa kuyatsa mababu ndi kutchaja mafoni, imalephera kudzaza mabatire awiri tsiku limodzi. Pa maekala awiri a mitengo ndikuona kuti mungakhumudwe nawo, pokhapokha mutakhala ndi sola yaikulu ndi mabatire atatu kapena anayi, amene mtengo wake ungapose wa makinawo.

Chimene chandilembetsa kwenikweni ndi chitetezo, chifukwa mwamuna wina wa m'mudzi mwathu anavulala kumaso posadza mtengo wogwa kale. Nsonga ya chitsulo, mbali yake yam'mwamba, inakhudza nthambi ina imene sankaiona, ndipo makina anadumphira m'mwamba kulunjika kwa iye. Ngozi imeneyi imachitika kwambiri posadza, popeza nthambi zimakhala zopingasana. Musagule makina amene buleki yake ya tcheni siigwira. Ndi chotchinga chija chili kutsogolo kwa dzanja lamanzere, ndipo muuzeni wogulitsa akuonetseni kuti chikakankhidwa tcheni imaimadi. Alipo makina ena opepuka kwambiri okhala ndi chogwirira pamwamba, amene angakukopeni chifukwa cha kuchepa kwake, koma anapangidwira akatswiri okwera m'mitengo ndipo amanyengerera munthu kucheka ndi dzanja limodzi. Inu tengani okhala ndi chogwirira kumbuyo, muwagwire ndi manja awiri, ndipo musacheke chilichonse chimene chili pamwamba pa mapewa anu. Nsapato zolimba, magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu muziwerengere pa mtengo wogulira makinawo.

Makaniko wa pa Kasungu boma wayankhanso:

Mayi anena zoona, ndipo ndiwonjezerepo za kasadzidwe kake. Yambirani ku tsinde kupita ku nsonga, ndipo ngati n'kotheka thunthu la mtengo likhale pakati pa inu ndi nthambi imene mukudula. Nthambi za pansi, zimene zanyamula mtengo, zisiyeni mpaka kumapeto, chifukwa zikadulidwa thunthu limatha kugudubuzika kapena kupana chitsulo. Nthambi yopindika chifukwa chopanikizika imakwapula ngati msampha ikamasuka, choncho yang'anani kaye kumene idzalowere. Mu thanki yapadera ya oyilo wa tcheni musathiremo oyilo wakuda wochotsedwa m'galimoto, ngakhale ambiri amatero, popeza muli tizitsulo timene timadya pampu ndi tcheni yomwe.

Mlimi wa ku Santhe wayankha:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. Ndaganiza zosiya makina a batire ndi a 5200 aja, ndipo ndikadzagulitsa fodya ku Chinkhoma ndidzapita ku Lilongwe kukanyamula ndekha makina aang'ono awiri kapena atatu kuti ndimve amene phewa langa likuwalola, ndi chitsulo cha masentimita 35. Matcheni awiri ndi matupa ndidzagulira komweko monga achimwene a ku Chamama anenera. Kugwetsa ndidzapitiriza kumusiyira mnyamata uja. Amakaniko, ndikadzabwera nawo ndidzafika pa benchi lanu kuti mundionetse kanoledwe ka tcheni, chifukwa tupa wobulungira sindinamugwirepo.