Pamunda wotsetsereka, ndalama ipite ku feteleza kapena ku akalozera?

Alimi anzanga a ku Mulanje kuno, ndithandizeniko maganizo. Zakuti nyengo yasintha sitikanganirananso: namondwe Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023, kenako ng'amba ya El Niño mu 2024. Koma ndalama ikakhala yochepa, choyamba n'chiyani?

Pamtsetse, mvula yamphamvu imadula mizere yosatsata akalozera (mizere yolondolera yoyezedwa mopingasa mtsetse), madzi n'kukokolola dothi lapamwamba limodzi ndi feteleza yemwe. Njira zothetsera vutoli tikuzidziwa: kuyeza akalozera ndi felemu ya A (chipangizo choyezera chooneka ngati chilembo A), kukonza mizere motalikana masentimita 75, kuika ngonyeka (timizere topingasa totchinga madzi pakati pa mizere), n'kubzala udzu wa vetiva pa akalozerawo pafupipafupi, masentimita 10 mpaka 15. Vuto ndi lakuti vetiva amafuna nyengo ziwiri kapena zitatu kuti atsekane bwino, ndipo chaka choyamba madzi amadutsabe m'mipata. Pamenepo banja likufuna chimanga chaka chomwechino.

Ndiye inu amene munayesapo, munagawa bwanji ndalama? Kodi ngonyeka sizisunga madzi mopyola muyeso mpaka mizere kugumuka kukagwa mvula yamasiku angapo? Nanga mbewu ya vetiva yokwanira ekala imodzi mukuipeza kuti, pamtengo wanji?