Mizere ya burashi ikundivuta popenta ana kumaso

Mayi a Chisomo, Mufakose:
Moni nonse amene mumapenta ana kumaso kuno ku Harare. Ndimaitanidwa ku maphwando a tsiku lobadwa ndi ku zochitika za kusukulu, ndipo kupaka mitundu ndi siponji sikundivuta. Koma ndikatenga burashi kuti ndijambule mapiko a gulugufe kapena ndevu za mphaka, mzere umatuluka wonenepa kuyambira poyambira mpaka pothera, nthawi zina n'kumayenderera patsaya. Kodi vuto lili pa burashi, pa penti, kapena pa dzanja?

A Nabanda, Highfield:
Mayi a Chisomo, yambani mwaona madzi. Penti ikamayenderera ndiye kuti madzi achuluka, ndipo mzere ukamadukaduka ndiye kuti achepa. Musathire madzi m'kabokosi ka penti. Nyowetsani burashi yokha, kenaka muziyendetsa pamwamba pa pentiyo kwa kanthawi mpaka ikhale ngati phala la mwana wakhanda, losalimba komanso losakhala madzi okhaokha. Pomaliza ipotozeni pang'ono kuti tsitsi lake lisonkhane n'kupanga nsonga, ndipo muyese kuseri kwa dzanja lanu musanakhudze nkhope ya mwana.

Mtundu wa penti nawonso uli ndi mbali yake. Penti ya Snazaroo ndi yofewa, imasakanikirana bwino ndi siponji, koma pa mizere yakuda ndi yoyera ambiri timakonda Diamond FX, Wolfe kapena TAG chifukwa mzere wake umatuluka wakuthwa ndipo subalalika. Chonde, ngakhale ndalama zitavuta chotani, penti ya acrylic isafike pakhungu la mwana, chifukwa sinapangidwire khungu.

Bambo Mbewe, Mbare:
Zimene anena a Nabanda ndi zoona, komabe ine ndikuona kuti mzere wonenepa mofanana paliponse umachokera ku dzanja, ndipo penti yodula siingathetse zimenezo. Anthu ambiri amagwira burashi mopendeka monga agwirira cholembera, ndiye imagona n'kumajambula ndi mimba yake. Iimikeni chilili pakhungu. Yambani ndi nsonga yokha, tsindikizani pang'ono mukafika pakati, kenaka muzikweza dzanja likadali kuyenda kuti mzere uthere poonda ngati tsitsi. Mukaima kaye musanakweze, pothera pamatsala chidontho.

Kachala kakang'ono katsamire pachipumi kapena patsaya la mwanayo kuti dzanja lisanjenjemere, ndipo akagwedeza mutu, dzanja lanu liziyendera limodzi naye. Musamachedwenso, pakuti mzere wojambulidwa mwamantha ndi umene umakhotakhota. Madzulo aliwonse dzazani mkono wanu ndi timizere tooneka ngati misozi ndi mizere yopiringizika, yonse yolozera pamalo amodzi, popeza pankhope mapiko a gulugufe amakongola mizere yake ikamalunjika pakati pa maso.

Mayi a Chisomo, Mufakose:
Zikomo kwambiri, a Nabanda ndi Bambo Mbewe. Nanga burashi yoyenera ndi ya nambala yanji? Yanga nsonga yake inagawikana pawiri.

A Nabanda, Highfield:
Imeneyo isiyireni ntchito ina, mayi, chifukwa burashi yogawikana siitulutsa mzere umodzi. Gulani yobulungira, ya tsitsi lochita kupanga, nambala 3 kapena 4 ya mizere yambiri, ndi nambala 1 kapena 2 ya ndevu ndi pafupi ndi maso. Penti yakuda ikhale ndi burashi yake, yoyeranso yake. Musaisiye itaimirira m'kapu ya madzi, chifukwa nsonga imapindika; mukaweruka itsukeni ndi sopo wofatsa, ikonzeni nsonga ndi zala, n'kuigoneka kuti iume. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala mpweya wa kuno umauma kwambiri moti penti imalimba pa burashi msanga, choncho mukamagwira ntchito panja, monga ku Harare Gardens, khalani pamthunzi, muzinyowetsa burashi pafupipafupi, ndipo mwana akabwera ali thukuta mumupukute kaye ndi kansalu kouma musanayambe mizere.