Eti Bugs Bunny ndi Daffy Duck ankawayankhulira munthu mmodzi?

Bambo_a_Tadala

Akuluakulu ndithandizeni kuno tisanayambane ndi alamu anga. Dzulo magetsi atathima tinakhala pakhonde ana akuonera makatuni akale aja pafoni, aja a kalulu wodya karoti Bugs Bunny, ndiye alamuwa angoti mukudziwa kuti kaluluyo, bakha wamisala uja Daffy Duck, kankhumba kachibwibwi Porky Pig ndi kambalame kachikasu kaja Tweety onsewo amayankhula ndi munthu mmodzi? Ine ndinaseka mpaka misozi nkuwafunsa kuti alamu mwayamba liti kumwa masana. Kambalame kaja mawu ake ndi a kamwana zenizeni, munthu wamkulu wandevu angatulutse bwanji zoterozo? Iwo kukakamira kuti ndi mzungu wina wa ku America, dzina analiiwala, akuti ngakhale mphaka wolavula malovu uja amene amathamangitsa kambalameko ndi yemweyonso. Ndiye kuti munthu amadzithamangitsa yekha kkkk. Tabetcherana mayunitsi a K2,000. Amene mukudziwa tandiuzani zoona zake, komanso munthuyo anali ndani, analemera nazo kapena ankangomugwiritsa ntchito?

Mkulu_wa_ku_Zomba

Achimwene kaguleni mayunitsiwo basi, alamu anu awina. Munthuyo ndi Mel Blanc. Anabadwa pa 30 Meyi 1908 ku San Francisco koma anakulira ku Portland m'chigawo cha Oregon. Dzina lake lenileni linkalembedwa Blank, ndiye mwini wake ankafotokoza kuti ali ndi zaka 16 aphunzitsi ena anamunyoza kuti sadzaphula kanthu m'moyo, adzangokhala ngati dzina lakelo, poti liwu limenelo pachizungu limatanthauza chinthu chopanda kanthu. Mnyamatayo anangochotsa k kumapeto nkuikapo c. Aphunzitsi amenewo kaya anadzaonerako katuni ali moyo.

Chimene anthu ambiri sadziwa nchakuti mkuluyu sanayambire pa makatuni, anali munthu wa pawailesi. Anayamba mu 1927 pa wailesi ya KGW ku Portland komweko, kenako atakwatira mkazi wake Estelle mu 1933 awiriwa ankapanga pulogalamu yawo pa wailesi ina ya KEX, ndalama zolembera anthu ena osewera panalibe ndiye mawu a anthu onse a m'sewero ankangowapanga yekha. Ndi mmene luso lija linakulira. Amene tinakula tikumvera masewero pa MBC tili chete kuzungulira kawailesi ka mabatire tikudziwa kuti pawailesi nkhope ilibe ntchito, ukalephera kusintha mawu womvera sadziwa kuti walowa m'nyumba ndi ndani. Sukulu yake inali imeneyo.

Mu 1935 anasamukira ku Los Angeles, ndipo chakumapeto kwa 1936 analowa pa situdiyo ya Leon Schlesinger imene inkapangira makatuni kampani ya Warner Bros. Ntchito yake yoyamba yeniyeni inali yoyankhulira chidakwa chovala ngati ng'ombe yamphongo mu katuni ya 1937, tangoganizani poyambira pake. Mwayi unabwera pa Porky Pig. Amene ankayankhulira kankhumbako poyamba, Joe Dougherty, anali ndi chibwibwi chenicheni, ndiye sankatha kuchilamulira, kujambula chiganizo chimodzi kumatenga nthawi yaitali ndalama nkumangopita. Blanc chibwibwi chake chinali chochita kupanga, amachiyamba pamene akufuna nkuchisiya pamene akufuna. Anatenga Porky mu 1937 ndipo mu katuni yomweyo ndi mmene munaonekera Daffy Duck koyamba. Bugs Bunny amene timamudziwa ifeyu anabwera mu 1940. Kuchokera apo unali mndandanda basi, Tweety, Sylvester mphaka uja, Yosemite Sam wamfupi wandevu zofiira wa mfuti ziwiri, tambala wolongolola Foghorn Leghorn, Pepé Le Pew, Speedy Gonzales, Marvin the Martian, Tasmanian Devil. Nchifukwa chake kwawoko ankamutcha munthu wa mawu 1,000, ngakhale chiwerengerocho nchongomutamira.

Pawailesi sanasiyenso, anali pa pulogalamu yotchuka ya Jack Benny kwa zaka zambiri, kumeneko ankapanga mphunzitsi wa vayolini wotopa ndi moyo, mbalame yoyankhula, chimbalangondo, mpaka kulira kwa injini ya galimoto yakutha ya Benny ankaitulutsa ndi pakamwa. Ine chimene chimandisangalatsa pa Bugs Bunny ndi choti ndi kalulu wathu uja wa m'nthano, wochenjera, wopusitsa zazikulu zonse za m'tchire, kungoti uyu ali ndi kayankhulidwe ka mu mzinda wa New York.

Chekucheku_Studio

A Zomba afotokoza bwino koma pa nkhani ya kambalame ndiwathandizeko Bambo a Tadala, kukayika kwanu sikunali kopusa ayi. Ine ndimajambula malonda a pawailesi ndiye izi ndimazidziwako. Mawu a Tweety amene mumamvawo si mmene ankatulukira pakamwa pa Blanc. Iye amayankhula ngati kamwana inde, koma akatha kujambula akatswiri amawathamangitsa pang'ono mawuwo ndiye amakwera nkukhala opyapyala. Ankatero ndi Tweety, Daffy, Porky komanso Speedy. Ndipo mukamvetsera bwino Daffy ndi Sylvester ndi mawu amodzi omwewo a lilime lotsamira m'mano kumalavula malovu, kusiyana kwake Daffy amathamangitsidwa pamene Sylvester amasiyidwa momwemo. Blanc ankanena yekha kuti Sylvester anali wosavuta poti ndi pafupifupi mawu ake achibadwa. Yesani kutsitsa sipidi ya kavidiyo ka Daffy pafoni yanu mumve, mphaka atulukira.

Koma musaganize kuti makina ndi amene ankagwira ntchito. Ine ndinayesapo kuthamangitsa mawu a mnyamata wina tikufuna kamwana pa malonda a sopo, zinangomveka ngati bambo wamkulu wameza mluzu, kasitomala anakana tinachita kukabwereka mwana wa aneba. Makina amangokweza mawu, khalidwe la munthu sangakupatse. Pali katuni ina imene Bugs akunamizira kuti ndi Daffy ndipo Daffy akunamizira kuti ndi Bugs, ndiye munthu mmodzi akupanga kalulu amene akuyeserera bakha, komanso bakha amene akuyeserera kalulu, ndipo iwe womvera ukudziwabe kuti uyu ndi uje. Zimenezo ife a ntchito imeneyi timavula chipewa.

Za karoti nazonso. Kukukuta kuja kunali kwa karoti weniweni pa maikolofoni, zinthu zina akayesa sizinkamveka chimodzimodzi. Vuto nlakuti sungayankhule karoti ali mkamwa, kudikira kuti umeze nthawi ikutha, ndiye amaluma, kutafuna, kulavulira m'chitini nkupitiriza mawu. Kuchokera apo anthu anayamba kufalitsa zoti karoti amamudwalitsa, limenelo ndi bodza. Amene ankamupweteka ndi Yosemite Sam, kukuwa kuja kumamusiya kummero kukuwawa, mpaka atakalamba mu filimu ya 1988 ya Who Framed Roger Rabbit anayankhulira Bugs, Daffy, Porky, Tweety ndi Sylvester koma Sam anamusiyira Joe Alaskey.

Nachisale_265

Ine ndibwere pa funso lachiwiri lija loti ankangomugwiritsa ntchito kapena ayi, chifukwa abambo mwangothamangira kumutamanda. Nthawi imeneyo oyankhulira makatuni mayina awo sankalembedwa pa filimu nkomwe, umangolandira kako nkumapita. Blanc atapempha kuti amukwezere malipiro bwana Schlesinger anakana, mmalo mwake anagwirizana zoti dzina lake lizilembedwa kumayambiriro kwa katuni, zinayamba cha mu 1944. Poyamba ukhoza kuona ngati anamupusitsa, munthu wapempha ndalama akumupatsa zilembo, koma dzina lija ndi limene linamutsegulira zitseko, aliyense wofuna mawu pawailesi kapena pa malonda amadziwa woti amufunefune.

Tsono chimene chimandinyansa ine ndi ichi, kwa zaka zambiri dzina lolembedwa linali lake lokha, ngati kuti mawu onse mu katuniyo ndi ake. Pamene mlenje uja Elmer Fudd amene amasakasaka kalulu ankamuyankhulira Arthur Q. Bryan mpaka anamwalira mu 1959. Agogo aakazi aja osunga Tweety anali Bea Benaderet, kenako June Foray. Ngakhale kulira kwa mbalame yothamanga ija Road Runner kuja ngati hutala ya galimoto sikwa Blanc, ndi Paul Julian amene ntchito yake inali yojambula zithunzi za kumbuyo pa situdiyo yomweyo. June Foray mayi ameneyu anagwira ntchito imeneyi mpaka ukalamba, anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 99, koma funsani anthu khumi ngati pali amene anamumvapo. Ndiye alamu anu awina inde pa anayi amene anatchulawo komanso mphaka uja, koma asayambe kunena kuti zonse za Looney Tunes, makatuni a Warner Bros amenewa, ndi munthu mmodzi.

Naye Blanc zinamuonekerapo kwina. Woody Woodpecker, gogomole wa kuseka kokwiyitsa uja, anamuyambitsa ndi iyeyo mu 1940 kwa Walter Lantz. Atasaina kontirakiti yoti makatuni azipangira a Warner okha anasiya, koma a Lantz anapitiriza kugwiritsa ntchito kuseka kwake kojambulidwa kale kwa zaka. Anakasuma kukhoti, mlandu anagonja, kenako anangomvana kunja kwa khoti.

Mkulu_wa_ku_Zomba

Achemwali a Nachisale mwanena zoona, pamenepo sinditsutsa. Kungoti kubisa mayina a enawo inali nkhani ya kampani, iye anangomenyera lake nkupambana.

Ndaiwala nkhani yaikulu. Pa 24 Januwale 1961 anachita ngozi yoopsa pa msewu wa Sunset Boulevard, pa kona ina imene anthu ankaitcha Dead Man's Curve chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi, galimoto yake ya Aston Martin inaombana maso ndi maso ndi ina. Miyendo yonse iwiri inathyoka, chiuno chomwe, mutu unavulala, anakhala chikomokere pafupifupi masabata awiri. Mkazi wake ndi mwana wake Noel amamuitana dzina osayankha. Ndiye monga ankafotokozera iye ndi mwana wakeyo, tsiku lina dokotala anangoyesa kumufunsa kuti Bugs Bunny, muli bwanji lero, ndipo munthu uja anayankha ndi mawu ofooka a kalulu kuti ali bwino. Dokotala anayesanso Tweety, nayenso anayankha. Ine nditamva koyamba thupi linachita tsemwe, munthu dzina lake sakulimva koma la kalulu akulimva.

Nthawi imeneyo nkuti katuni ya The Flintstones itangoyamba pa TV mu 1960 kwa Hanna-Barbera, iye ndi amene anali Barney Rubble mnzake wa Fred komanso Dino. Magawo ochepa anamugwirira Daws Butler, koma kenako anangonyamula zida zojambulira nkupita nazo pamene wagona, thupi lonse lili mu pulasitala, maikolofoni kulendewera pamwamba pa bedi anzake atazungulira, ntchito nkumayenda. Anasumiranso mzinda wa Los Angeles pa kona ija ndipo pambuyo pake anaikonza. Atachira anapitiriza, Mr. Spacely bwana wolalata wa mu The Jetsons ndi iyeyo, Captain Caveman ndi iyeyo, mpaka mphaka Heathcliff m'zaka za m'ma 1980.

Chekucheku_Studio

Ndipo chodabwitsa munthu wodyera kummero ameneyu fodya anamuyamba ali ndi zaka 9, anadzasiya ali ndi zaka 77 madokotala atamupeza ndi matenda a m'mapapo. Anyamata anga ku situdiyo ndikawaletsa kusuta amandiuza nkhani imeneyi ngati umboni, ine ndimangoti inu mawu anu ndi amodzi omwewo muwasamale. Anamwalira pa 10 Julayi 1989 ku Los Angeles ali ndi zaka 81. Manda ake ali ku Hollywood Forever Cemetery ndipo pa mwala analembapo mawu otsanzikira aja a Porky Pig kumapeto kwa katuni, That's All Folks, kunena kuti zathera pamenepa anthuni. Anachita kulamula yekha mu wilo kuti adzalembe zimenezo.

Bambo_a_Tadala

Aaa ndagonja, mayunitsi ndatumiza kale. Ndayesa zotsitsa sipidi zija a Chekucheku, Tadala anathawa pafoni akuti bakha walowa chiwanda kkkkk. Koma tsopano alamu akula mtima, akuti Tom and Jerry nayenso ndi Blanc yemweyo, kukuwa kwa Tom akamupana mchira pachitseko. Akufuna tibetcherane K5,000. Ndilowe?

Nachisale_265

Lowani koma muwafunse kaye kuti akunena Tom wa zaka ziti. Kukuwa kotchuka kuja kwa makatuni oyambirira a m'ma 1940 ndi 1950 ndi William Hanna mwini wake amene ankapanga nawo katuniyo. Blanc anadzalowamo mochedwa, mu aja anapanga Chuck Jones kuyambira 1963 mpaka 1967, amene Tom ali ndi nsidze zikuluzikulu. Asiyeni aloze okha kavidiyo kamene akunena musanatchule chaka.