Msonkho wa kaboni unachoka pa petulo: banja ili lapindula kapena laluza?

Nabanda, Hamilton:
Akuluakulu, ndithandizeni masamu awa ndisanayankhe anthu. Pali banja la kwathu lomwe ndimalilembera za msonkho ndi bajeti ya pakhomo kuno ku Ontario, ku Canada: bambo, mayi ndi ana awiri, nyumba yotenthetsa ndi gasi. Bambo amayendetsa Uber, mayi amasamalira okalamba. Chichotsereni boma msonkho wa kaboni (wa pa mafuta ndi gasi chifukwa cha utsi wake) pa 1 Epulo 2025, awiriwa sakumvana. Bambo akuti moyo wapepuka poti petulo watsika. Mayi akuti ndalama yobwezedwa ndi boma pa msonkhowu, Canada Carbon Rebate ija, imene inkalowa miyezi itatu iliyonse yasiya, ndipo ndi imene ankagulira ana majekete a m'chisanu. Andipempha ndiwalembere papepala kuti wolondola ndani.

Ndatenga chaka chomaliza cha msonkhowu, Epulo 2024 mpaka Malichi 2025. Malisiti akuonetsa malita 5,400 a petulo, ndipo mabilu a gasi akukwana makiyubiki mita 2,200. Petulo ndachulukitsa ndi masenti 17.61 pa lita, gasi ndi masenti 15.25, zonse zatuluka madola 1,286. Yobwezedwa kwa banja la anthu anayi ku Ontario inali 280 kanayi, kutanthauza 1,120. Ndiye zikuoneka ngati bambo ndi amene akunena zoona. Ndiwatumizire zimenezi?

A Phiri, Edmonton:
Musatumize kaye achemwali. Mitengo mwaigwira bwino, ndiyo ya pa madola 80 pa tani imodzi ya utsi. Koma msonkhowu unkakhala m'kati mwa mtengo HST (msonkho wa pa zogula) isanawerengedwe, ndiye HST ya 13 peresenti inkakweranso pamwamba pake. Taonani pa bilu ya gasi: pali mzere wolembedwa Federal Carbon Charge, kenako HST imatengedwa pa zonse pamodzi. Chulukitsani 1,286 yanuyo ndi 1.13, ifika pafupifupi 1,454. Kuno ku Alberta timangoonjeza GST, msonkho wa pa zogula wa 5 peresenti, ndipo banja la anayi linkalandira 450 pa miyezi itatu, n'chifukwa chake makasitomala anga ambiri anadandaula itasiya.

Nabanda, Hamilton:
Ndiye kuti ankaluza 334 pa chaka. Bambo asangalala.

Mayi Nachisale, Mississauga:
Dikirani, mwana wanga. Malita 5,400 si a pakhomo amenewo. Banja wamba silimwa petulo wochuluka choncho pongopita ku ntchito, ku tchalitchi ndi kokagula zakudya. Mwaphatikiza petulo wa Uber ndi wa pabanja m'thumba limodzi, pamene ndalama yobwezedwa ija inapangidwira pakhomo osati bizinesi. Tsegulani logibuku ya bambowo mutiuze malita a ntchito ndi angati.

Ndikufunsa chifukwa petulo wa bizinesi sapweteka mofanana ndi wa pakhomo. Amalembedwa pa fomu ya msonkho wa bizinesi, T2125, ngati ndalama yogwiritsa ntchito, ndiye gawo lina limabwerera kudzera mu msonkho wa pa phindu umene watsika. Komanso woyendetsa anthu pa Uber amayenera kulembetsa HST ngakhale apeze zochepa bwanji, lamulo limeneli lilipo kuyambira Julayi 2017. Ngati analembetsa, HST ya pa petulo wa ntchito amaitenganso. Ndiye 1.13 ya a Phiri ikhudze malita a pakhomo ndi gasi basi.

A Mbewe, Ottawa:
Mayi Nachisale anena zoona, koma pali kamsampha. Afunseni bambowo ngati amanyamula anthu kapena zakudya zokha. Wonyamula zakudya amene sanapitirire madola 30,000 pa chaka sakakamizidwa kulembetsa HST, ndipo ambiri salembetsa, ndiye HST ya petulo imangowathera. Chachiwiri, ngati anasankha Quick Method, njira yachidule yowerengera HST, sangabweze HST ya pa petulo. Ndaonapo madalaivala angapo amene anasankha njira imeneyi chifukwa mnzawo anawauza ku malo oimika magalimoto ku eyapoti, osadziwa kuti akusiya chiyani.

Nabanda, Hamilton:
Amanyamula anthu, analembetsa, ndipo ali pa njira ya nthawi zonse. Logibuku ikuonetsa kuti magawo awiri mwa atatu ndi a ntchito: malita 3,600 a Uber, 1,800 a pakhomo kuphatikiza kagalimoto ka mayi.

Mayi Nachisale, Mississauga:
Eya, tsopano tiwerenge pawiri.

Pakhomo: 1,800 kuchulukitsa 0.1761 ndi 317. Gasi 2,200 kuchulukitsa 0.1525 ndi 335.50. Pamodzi 652, ndi HST yake 737. Ankalandira 1,120. Pakhomo pankatsala madola pafupifupi 383 a ulere chaka chilichonse. Amenewa ndi amene mayi akuwalira, ndipo akulira zenizeni.

Bizinesi: 3,600 kuchulukitsa 0.1761 ndi 634, popanda HST poti amaibweza. Ngati bambo ali pa mlingo wotsikitsitsa wa msonkho, womwe mu 2024 unali 15 peresenti ya boma la Canada ndi 5.05 ya Ontario, ndiye pa 634 paja pafupifupi 127 inkabwerera. Imene inkawaluma kwenikweni ndi 507. Mukafuna kulowa mozama muonjezepo CPP (zopereka ku penshoni ya boma) ya wodzilemba ntchito yekha, itsikanso pang'ono.

Phatikizani: 737 ndi 507 ndi 1,244. Chotsani 1,120. Banja lonse linkaluza pafupifupi 124 pa chaka, madola khumi pa mwezi. Si 334 ayi. Chimene chachitika n'chakuti ndalama yachoka m'dzanja la mayi n'kulowa m'thanki ya bambo. Bambo akuiona tsiku lililonse pa pampu, masenti masenti, pamene mayi ankaiona kanayi pa chaka ili mulu. Papepala lanu mulembe ziwerengero ziwirizo padera, osangolemba yomaliza, apo ayi mukakolezera moto m'nyumba mwa eni.

A Phiri, Edmonton:
Ine ndimawapatsanso makasitomala nambala imodzi imene amaimva msanga: malita angati amene munthu amayamba kuluza. Pa banja ili, chotsani 379 ya gasi ndi HST yake pa 1,120, patsala 741. Lita iliyonse inkanyamula pafupifupi masenti 19.9 ndi HST. Gawani, mupeza malita pafupifupi 3,700. Banja la anayi ku Ontario lokhala ndi gasi wotere, likamamwa petulo wa pakhomo wosafika pamenepo, linkapindula. Yobwezedwayo sinkayang'ana malipiro a munthu kapena kuchuluka kwa mafuta amene wagula, inkangoyang'ana chigawo, kukula kwa banja ndiponso ngati likukhala kumudzi. N'chifukwa chake wokhala mu apatimenti wokwera basi ankatola pafupifupi yonse, pomwe wa pikapu yaikulu ndi nyumba ya zipinda zisanu ankaonjezera za m'thumba.

A Gondwe, Winnipeg:
Ndikumva masamu anuwa koma mukuwerenga za pa pampu ndi pa bilu zokha. Nanga dizilo wa malole obweretsa zakudya? Anali ndi masenti 21.39 pa lita, ndipo sitolo sinkawameza yokha, inkatipatsira ife. Kasitomala wanu akakufunsani za mtengo wa mkaka ndi nyama mudzati chiyani? Nkhani yoti mabanja ambiri amalandira zoposa zimene alipira ineyo sindinaikhulupirirepo kwenikweni.

A Mbewe, Ottawa:
Achimwene, zilipodi zimenezo, koma tisazikulitse. Tiff Macklem, mkulu wa Bank of Canada panthawiyo, ananena mu 2023 kuti kukwera kwa msonkhowu chaka ndi chaka kunkaonjezera pafupifupi 0.15 pa mlingo wa kukwera mitengo kwa zinthu. Ofesi ya Parliamentary Budget Officer, younika za chuma ku nyumba ya malamulo, pansi pa Yves Giroux, inawerengera ndi zobisika m'mitengo ya katundu zomwe, n'kupezabe kuti mabanja ambiri ankalandira zoposa zimene ankalipira. Pamene panali mkangano ndi pa chiwerengero chawo chachiwiri, choyerekeza mmene malipiro ndi phindu la mabizinesi zingatsikire, ndipo chimenecho anachikonzanso mu Okutobala 2024 atapeza kuti anaphatikizamo msonkho wa mafakitale. Ku bajeti ya banja limodzi simungaike nambala imeneyo. Ine ndikanangolemba mzere umodzi pansi kuti zobisika m'mitengo ya zakudya sizinawerengedwe. Ndipo taonani m'sitolo kuyambira Epulo 2025: petulo anatsika, koma ngolo ya zakudya sinapepuke.

A Gondwe, Winnipeg:
Sinapepukedi, pamenepo ndavomera. Komabe ndale zake zinanditopetsa. Mu Okutobala 2023 Trudeau, yemwe anali nduna yaikulu ya Canada, anaimitsa msonkhowu pa mafuta otenthetsera nyumba kwa zaka zitatu, zomwe zinakomera kwambiri a ku Atlantic, ife a gasi n'kumalipirabe. Saskatchewan inakwiya n'kusiya kutolera pa gasi wa m'nyumba mu Januwale 2024. Pofika pamene Carney, amene analowa m'malo mwa Trudeau, ankasaina kuti ukhale ziro, unali utafooka kale.

Mayi Nachisale, Mississauga:
Ndale tizisiye, a Gondwe, tingagone pano. Koma kunena zoona ine chinkandidabwitsa n'chakuti boma linkabweza ndithu. Kwathu ndalama ikalowa m'mitengo ya MERA, ya misewu kaya ya magetsi a kumidzi, sudzaionanso pa akaunti yako.

Nabanda, funso lina. Mwalemba 1,120 chifukwa ndi imene boma linalengeza, kapena mwaiona pa sitetimenti ya ku banki?

Nabanda, Hamilton:
Ndatsegula masitetimenti a mayi. Pa 15 Epulo 2024 palowa 245. Julayi 245, Okutobala 245, Januwale 245. Yomaliza ya Epulo 2025 ndi 264.25. Palibe 280 paliponse.

A Mbewe, Ottawa:
Pamenepo pali mwana amene CRA, bungwe lotolera misonkho, sikumudziwa. Ku Ontario inali 140 ya munthu woyamba, 70 ya mwamuna kapena mkazi wake, 35 pa mwana aliyense. 140, 70 ndi 35 ndi 245 ndendende. Yomalizanso ikugwirizana: 151, 75.50 ndi 37.75 ndi 264.25, pamene ya ana awiri inali 302. Mwana wachiwiriyo anabadwira kuno?

Nabanda, Hamilton:
Ayi, ndi wamkulu. Anatsala ku Zomba ndi agogo ake, anabwera kumayambiriro kwa 2024 mapepala ake atatuluka. Wamng'ono ndi amene anabadwira kuno.

A Mbewe, Ottawa:
Basi ndi zimenezo. Wobadwira kuno amalembetsedwa nthawi imodzi ndi chikalata cha kubadwa, makolo akangovomera pa fomu. Wochokera kunja muyenera kumulembetsa nokha, pa My Account, akaunti yanu ya pa intaneti ya CRA, kapena ndi fomu RC66, ndi umboni wa kubadwa kwake. Kungomulemba pa fomu ya msonkho ya pachaka sikukwanira. Ya kaboni imene anaphonya ndi yochepa, 35 kanayi ndi 37.75, pafupifupi madola 178 ngati anali kale m'nyumbamo pa nthawi ya malipiro onsewo. Koma ngati CRA sikumudziwa, ndiye kuti Canada Child Benefit yakenso, ndalama ya boma yothandizira kulera ana, sikubwera, ndipo imeneyo kwa banja la malipiro otere ndi madola masauzande pa chaka. CRA imabweza za m'mbuyo. Zikapitirira miyezi 11 amafuna umboni woti mwanayo ankakhaladi nawo, monga kalata ya ku sukulu kapena ya dokotala, ndiye ayambe kusonkhanitsa lero.

A Phiri, Edmonton:
Ndipo pa pepala lanu muike mizere iwiri: imene analandiradi, 980, ndi imene ankayenera kulandira, 1,120. Ya Epulo 2025 muilembe payokha, chifukwa inabwera msonkho utachoka kale, ilibe petulo woti muifananize naye. Chinanso, bambo akabwera ndi mitengo ya pa pampu kuti taonani watsika ndi masenti akutiakuti, musagwiritse ntchito imeneyo. Mtengo wa pa pampu umayenda ndi mafuta a pa msika wa dziko lonse komanso petulo wa m'chilimwe amene amadula. Gwiritsitsani 17.61. Musasakanizenso ndi masenti 5.7 amene Ontario inachotsa pa msonkho wake wa petulo kuyambira Julayi 2022, ndi nkhani ina.

Nabanda, Hamilton:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndalemba tsamba limodzi: pakhomo payokha, Uber payokha, zonse pamodzi pansi, ndi mzere wa a Gondwe wa zakudya. RC66 ndaisindikiza, mayi abwera Loweruka ndi chikalata cha kubadwa cha mwana ndi kalata ya ku sukulu. A Mbewe, chikalatacho ndi cha ku Malawi cholembedwa m'Chingerezi, chikufunikanso china?

A Mbewe, Ottawa:
Cha Chingerezi sichifuna womasulira. Tumizani kope yooneka bwino pamodzi ndi pepala la imigireshoni losonyeza tsiku limene mwanayo analowa m'dziko muno, ndipo fomuyo asaine mayi, poti CRA imatenga mayi ngati wosamalira ana pokhapokha atalemba kalata yonena kuti ndi bambo.